Kuseketsa Mosathamanga: Kayankhulidwe ka Izeki ndi Machezedwe a ku Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

1.0 Mau Oyamba

Aliyense amene anakhalapo m'chigafa nthawi yosoka fodya kumidzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, kapena pamthunzi pamene amuna akusewera bawo pa Mponela, amadziwa kuti pagulu lililonse pamakhala munthu mmodzi amene anzake amadikira kuti atsegule pakamwa. Kawirikawiri munthuyo sakhala wolongolola. Sakweza mau, sadumphadumpha, ndipo iye mwini saseka. Amangoponya liu limodzi kapena awiri, mochedwa, ngati kuti nkhaniyo siikumukhudza, koma anzake nkugwa nako kuseka. Wina akamufunsa chinsinsi chake, yankho limakhala lakuti iye amangocheza basi.

Cholinga chathu m'pepala lino ndi kusonyeza kuti kungocheza kumeneku kuli ndi malamulo ake, ndiponso kuti malemu John Nyanga, amene Amalaŵi ankamudziwa ndi dzina la Izeki, anatenga malamulo omwewa nakwera nawo pansanja. Tiona kuti chimene chimaoneka ngati ulesi wa pakamwa ndi luso logwiritsa ntchito zipangizo zimene Chicheŵa chili nazo kale, ndi kuti zambiri mwa zipangizozo sizioneka m'kalembedwe kathu. Zitsanzo zonse zili m'munsimu tazikonza tokha potsata mayankhulidwe a tsiku ndi tsiku a kumapiriko. Si mau otengedwa m'masewero.

2.0 Ntchito ya Izeki

John Nyanga ndi mnzake Eric Mabedi, amene ankatchedwa Jakobo, anali a gulu la zisudzo la Kwathu la mumzinda wa Blantyre, limene linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Pa nthawi imeneyo zisudzo zimene ophunzira ankazilemekeza zinali za m'Chingerezi. Ana a m'masekondale ankapikisana m'chiyankhulocho pa mipikisano ya bungwe la ATEM, ndipo mu 1987 Du Chisiza Jr anayambitsa gulu la Wakhumbata, limenenso linatchuka ndi masewero a m'Chingerezi. A Kwathu anasankha Chicheŵa, chimene chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo anapeza anthu atazolowera kale kumvera masewero m'chiyankhulo chawo pa wailesi ya MBC, monga Kapalepale wa Smart Likhaya Mbewe.

Kuwonjezera pa masewero aatali a gulu lonse, awiriwa ankakhala ndi gawo lawolawo, limene anthu ankangolitcha Izeki ndi Jakobo. Mamangidwe ake anali osavuta. Amuna awiri akumana nayamba kukambirana nkhani wamba: ya ngongole, ya banja, ya ntchito kapena ya matenda. Jakobo ankaima ngati munthu wodziwa zinthu, wofuna kuwongola mnzake, pamene Izeki ankaima ngati wosamva, kapena womva mwa njira yakeyake, wosatekeseka ndi chilichonse. Anaseketsa anthu motere kwa zaka zoposa 20 m'maholo, pa wailesi, ndiponso pa kanema Television Malawi itatsegulidwa mu 1999. Nyanga anamwalira mu 2016, ndipo Mabedi anamutsatira mu 2021.

Kumidzi kumene kanema anachedwa kufika, anthu ambiri anawadziwa awiriwa ndi khutu asanawaone ndi maso. Mfundo imeneyi njofunika kwa ife ophunzira ziyankhulo, pakuti ikutanthauza kuti ngakhale nkhope ya Izeki inali yoseketsa, mphamvu yaikulu ya nthabwala zake inagona m'mau ndi m'kayankhulidwe.

3.0 Wokamba ndi Wovomera

Acheŵa a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi ali ndi kuseka kwa mitundu iwiri. Kwina nkwa kubwalo la Gule Wamkulu, kumene zilombo monga Maliya ndi Simoni zimaseketsa ndi thupi, fumbi ndi ng'oma. Kwina nkwa pakhonde, kumene kulibe ng'oma kapena chigoba, koma mau okha. Izeki anali wa mtundu wachiwiriwu.

Chinthu choyamba kuchizindikira pa kuseka kwa pakhonde nchakuti munthu sakamba yekha. Pa nthano, wokamba akati "padangokhala", omvera amavomera kuti "tili tonse", ndipo akaleka kuvomera nthanoyo imazilala. Pabwalo la milandu, nduna imabwereza ndi kutsimikiza mau a mfumu. Ngakhale pa macheza wamba, womvera amaponya timau monga "eee", "zoona", "nanga!" kapena "inu!" pafupifupi pa chiganizo chilichonse. Tsono ntchito ya Jakobo inali ya wovomera, koma wovomera wokana. Iye ankafunsa funso limene omvera akadafunsa, nadabwa pamene omvera akudabwa, nakwiya m'malo mwawo. Kupsa mtima kwa Jakobo ndiko kunkaonetsa kufatsa kwa Izeki, monga momwe mdima umaonetsera kuwala kwa koloboyi.

4.0 Zipangizo za Kayankhulidwe Kofatsa

4.1 Kuchedwa kuyankha

Mu 1974 Harvey Sacks, Emanuel Schegloff ndi Gail Jefferson anafotokoza dongosolo limene anthu amatsata popatsana mpata woyankhula. Kafukufuku wina wa mu 2009, wotsogozedwa ndi Tanya Stivers, anayerekeza ziyankhulo 10 napeza kuti mpata wa pakati pa funso ndi yankho umakhala waufupi zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Motero munthu akachedwa kuyankha, ngakhale ndi sekondi imodzi yokha, womvera amayamba kale kutanthauzira kuchedwako. Taonani chitsanzo ichi:

(1) A: Alamu, paja mudati ndalama zanga zija mubweza mukagulitsa fodya.
B: (akhala duu, kenaka mofatsa) Ndidatero.
A: Nanga fodyayo simudagulitse?
B: (duu) Ndiye kubwezako ndi kumene kwatsala.

M'mau a B mulibe liu loseketsa palokha. Chimene chikuseketsa ndi kachetechete amene akutsogolera yankho lililonse. Pa kamphindi kameneko omvera amayembekeza chimodzi mwa ziwiri, bodza kapena kupepesa, koma chimene chikutuluka ndi kuvomera kopanda manyazi. B akanayankha mwamsanga, tikanangomuona ngati wamwano. Pochedwa, akuoneka ngati munthu amene waganiza mozama nafika pa choonadi chimene A anali asanachione.

4.2 Kudzipusitsa

H. P. Grice, m'nkhani yake yosindikizidwa mu 1975, ananena kuti anthu akamacheza amayembekezerana zinthu zinai: kunena zokwanira, kunena zoona, kunena zogwirizana ndi nkhani, ndi kunena momveka. Anasonyezanso kuti munthu akaphwanya dala limodzi mwa malamulowa, mnzake akuona, pamabadwa tanthauzo lina losatchulidwa. Woseketsa wofatsa amaphwanya makamaka lamulo lachitatu, koma amachita ngati akulisunga mokhulupirika.

(2) A: Mpando uwu mtengo wake?
B: Mlombwa, bambo.
A: Ndikunena ndalama.
B: Oo, ndalama. Ndilibe, bambo. Nchifukwa chake ndikuugulitsa.

Tikalemba, liu lakuti "mtengo" limaoneka limodzi. Tikayankhula ndi awiri: mtengo womera m'nkhalango uli ndi liu lokwera pa phatikizo la "te", pamene mtengo wa malonda umatchulidwa motsika ponseponse. Mcheŵa aliyense woimirira pamsikapo akudziwa kuti B wamva bwino lomwe. Choncho anthu saseka kupusa kwa B, koma kulimba mtima kwake ponamizira kupusa pamaso pa anthu amene akudziwa kuti sali wopusa. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa chitsiru ndi wodzipusitsa. Chitsiru timachimvera chisoni. Wodzipusitsa timagwirizana naye mwachinsinsi, ndipo wotsala panja ndi wofunsayo. Khalidwe la Izeki linamangidwa pa mgwirizano umenewu.

4.3 Timau ting'onoting'ono

Mabuku a galamala sakhalitsa pa timau monga "ati", "paja", "kaya", "eti", "basi" ndi mphatikira "-tu", chifukwa nkovuta kutiika m'magulu a dzina, mneni kapena muonjezi. Komabe timau timeneti ndito timanyamula maganizo a woyankhula pa zimene akunena. Yerekezani ziganizo izi:

(3) a. Amfumu agula njinga yamoto.
b. Ati amfumu agula njinga yamoto.
c. Ati amfumu agula njinga yamoto sabata yomwe makuponi a feteleza afika. Kaya.

Chiganizo (a) ndi uthenga chabe, ndipo woyankhula akuuimira yekha. Mu (b) "ati" akuchotsa udindo pa woyankhula nauika pa anthu osatchulidwa. Mu (c) zinthu ziwiri zaikidwa moyandikana popanda mlumikizi wosonyeza chifukwa, ndipo "kaya" akutseka nkhani ndi kusamba m'manja. Woyankhula sananeneze munthu kuba. Womvera ndiye wamaliza yekha chiganizocho mumtima mwake, ndipo kuseka kwake ndi umboni wakuti wachimaliza.

Timau tinato tilinso ndi ntchito zake. "Paja" amakumbutsa chinthu ngati kuti onse akuchidziwa kale, kotero kuti munthu angathe kulowetsa bodza lamkunkhuniza m'nkhani mnzake asanapeze mpata wolitsutsa. "Eti" amapempha womvera kuti avomereze, motero amamukokera mumlandu. "Basi" amadula nkhani pamene ikanayenera kuyamba. Woseketsa wofatsa safunika kukweza mau pa mfundo yake, pakuti timau timeneti timamugwirira ntchitoyo.

4.4 Ulemu wopyola muyeso

Chicheŵa chimasiyanitsa "iwe" ndi "inu", ndipo chili ndi sitepe ina yoposa apo, yoyankhula ndi munthu ngati kuti tikunena za wina, monga pamene mkamwini afunsa apongozi ake kuti, "Kodi adzuka bwanji?" Popeza masitepe amenewa ngokhazikika, kuwasokoneza dala kumabala tanthauzo. Tiyerekeze mtsibweni amene wabwera kumunda dzuwa lili pamutu napeza mphwake wa zaka 15 akungotuluka m'gowelo:

(4) Kodi abwana adzuka? Tiwapatse madzi osamba, kapena ayambe apumulako pang'ono?

Palibe liu lachipongwe m'chiganizochi, ndipo chikhoza kunenedwa ndi mau otsika kwambiri. Chidzudzulo chonse chili mwa agwirizanitsi "a-" ndi "-wa-", amene apatsidwa kwa munthu wosawayenera. Njira yobwerera nayonso imagwira ntchito: munthu amene wakhala akunena "inu" kwa nthawi yaitali akangoti "iwe" kamodzi, omvera amadziwa kuti chingwe chaduka. Pa anthu awiri ocheza pansanja, kusinthasintha kwa ulemu kotereku kumasonyeza amene ali pamwamba pa mphindi iliyonse popanda wina kufotokoza.

4.5 Mvekero

C. M. Doke, m'buku lake la mu 1935 lofotokoza mau ogwiritsa ntchito pophunzira ziyankhulo za Chibantu, anapatula gulu la mau amene ife timawatcha mvekero. Anthu ambiri amaganiza kuti mvekero ndi wa wokamba waphokoso. Koma taonani mmene umafupikitsira nkhani:

(5) Nditangovundukula mphika, alamu balamanthu. Ndiwo psiti. Ine kakasi.

Ziganizo ziwiri zomalizazo zilibe mneni, komabe nkhani yathunthu yakambidwa: kufika kwa mlendo wosaitanidwa, kutha kwa ndiwo, ndi kusowa chonena kwa mwini nyumba. Mvekero ukatchulidwa mokweza ndi manja omwe, umakhala wa nthano za ana. Ukatchulidwa motsika, nkhope ili phee, kusiyana kwa kukula kwa tsokalo ndi kuchepa kwa mau ndiko kumaseketsa akuluakulu.

4.6 Kamvekedwe ka aneni

Taona kale pa 4.2 kuti kukwera ndi kutsika kwa liu kumasiyanitsa maina. Pa aneni nkhaniyi njaikulu koposa, pakuti kamvekedwe kamasiyanitsa nthawi. Mphatikira "-ma-" amagwira ntchito ziwiri. Liu likakwera pa phatikizo loyamba la mneni, tanthauzo limakhala la chizolowezi. Phatikizo loyambalo likatsika, liu nkukwera pa phatikizo lotsatira "-ma-", tanthauzo limakhala la chinthu chimene chimachitika posachedwapa.

(6) A: Bwanji simunaoneke kumsonkhano wa mpingo m'mawa uno?
B: Ndimaledzera.

B akatchula mneniyu mwa njira yachiwiri, wavomera kulakwa kwa tsiku limodzi. Akamutchula mwa njira yoyamba, waulula moyo wake wonse kwa mkulu wa mpingo amene anangofunsa za m'mawa umodzi. Nthabwala ili m'njira yoyambayo, koma papepala njira ziwirizi nzosasiyana ngakhale ndi lembo limodzi.

5.0 Chilolezo Chonena Zosaneneka

Kufatsa kwa mau sikukwanira pakokha; woseketsa amafunikanso chilolezo. A. R. Radcliffe-Brown analemba mu 1940 za maubale amene amalola anthu kunyozana popanda kukwiyitsana. Kwa Acheŵa ubale wotere ndi chisuweni: mwana wa mlongo ndi mwana wa mchimwene angathe kutchulana mwamuna ndi mkazi, kulandana zinthu ndi kunenana mopanda mantha. Agogo ndi adzukulu awo nawonso amaseka motero, ndipo adzukulu a kumanda amaloledwa nthabwala pamalo pamene wina aliyense ayenera kukhala chete. Izeki ndi Jakobo ankachitirana ngati asuweni, ndipo omvera, pozindikira ubalewo, ankawapatsa chilolezo chomwecho.

Chilolezo cha mudzi chinali china, cha boma chinalinso china. Lamulo la mu 1968 loyang'anira mabuku ndi zisangalalo linapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu younika masewero asanaonetsedwe, ndipo awiriwa anayamba ntchito yawo dziko likadali pansi pa chipani chimodzi, riferendamu ya 1993 isanachitike. Sitikunena kuti nthabwala zawo zinali zandale. Zambiri zinali za m'banja ndi za umphawi. Mfundo yathu njakuti m'dziko limene anthu anazolowera kuyeza mau asanawatulutse, kayankhulidwe kophiphiritsa kanali ndi omvera okonzeka kale. Wounika angathe kufufuta chiganizo cholembedwa, koma sangafufute kachetechete, kapena "kaya" wotchulidwa mokoka, kapena liu lokwera pa phatikizo limene silinayembekezeke. Zimene kalembedwe kathu sikasonyeza ndi zomwezo zimene cholembera chofiira sichikanatha kuzigwira.

6.0 Woseketsa Woima Yekha

Kumaiko a Azungu kuli mwambo wa munthu mmodzi woima ndi maikolofoni, umene Angerezi amautcha stand-up comedy. Mmalaŵi amene watchuka nawo kunja ndi Daliso Chaponda, amene anabadwira ku Zambia mu 1979, nayamba kuseketsa anthu ku Canada, kenaka nasamukira ku Britain. Mu 2017 anakhala wachitatu pa mpikisano wa Britain's Got Talent, ndipo mu 2018 wailesi ya BBC Radio 4 inayamba kuulutsa pologalamu yake yotchedwa Citizen of Nowhere.

Poyang'ana koyamba, mwambo umenewu ukuoneka wosiyana ndi wa Izeki, popeza palibe Jakobo. Koma tikaunika bwino, mpando wa wovomera sunachotsedwe. Waperekedwa kwa omvera. Woseketsa woima yekha amafunsa funso, nadikira, nayankha kuseka kwa anthu ngati kuti ndi mau a mnzake. Ndiye kuti amene amachita bwino mwa njira yofatsa ndi amene amapangitsa holo yonse kumva ngati yakhala naye pakhonde.

Komabe si zipangizo zonse zimene zimawoloka kupita ku Chingerezi. Kuchedwa kuyankha ndi kudzipusitsa zimawoloka mosavuta. Ulemu wopyola muyeso umawoloka motsimphina, pakuti Chingerezi cha lero chili ndi mlowam'malo mmodzi yekha pamene ife tili ndi "iwe" ndi "inu". "Ati" ndi "paja" amafuna mau angapo kuti amasuliridwe, ndipo nthabwala ikatalika imazizira. Kamvekedwe kosiyanitsa nthawi za aneni sikawoloka konse. Achinyamata amene akuseketsa anthu m'Chicheŵa masiku ano, pansanja ndi pa Facebook kapena TikTok, ali ndi chuma chonsechi m'manja mwawo, ngakhale kuti timakanema tatifupi timakonda liwiro ndipo sitipereka mpata waukulu kwa munthu wokhala duu.

7.0 Mau Omaliza

Tasonyeza kuti kayankhulidwe kofatsa ka Izeki kanamangidwa ndi zipangizo zisanu ndi chimodzi zimene zimamveka tsiku lililonse m'machezedwe a ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndi kuti kanatsamira pa miyambo iwiri, wa wovomera ndi wa chisuweni. Luso lake linali kudziwa muyeso: utali wa kachetechete, malo oika "kaya", ndi mphindi yosiyira womvera kuti amalize yekha.

Zimenezi zikutipatsa ntchito ife a m'madipatimenti a ziyankhulo. Mapiri amenewa analowa kale m'mabuku: Samuel Ntara analemba Nthondo mu 1933, ndipo pambuyo pake analemba mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi m'boma la Dowa. Mabukuwo anasunga nkhani ndi miyambi, koma sakanatha kusunga liu. Mark Hanna Watkins, amene analemba galamala ya Chicheŵa mu 1937 mothandizidwa ndi Kamuzu Banda, anaika zizindikiro za kamvekedwe, koma malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973 sanazitenge. Pa kalata ndi pa nyuzipepala kusowa kwa zizindikirozo sikuvutitsa, chifukwa nkhani yonse imathandiza wowerenga kusankha tanthauzo. Pa nthabwala kumavutitsa, monga taonera pa zitsanzo (2) ndi (6).

Popeza Nyanga ndi Mabedi onse anatisiya, chimene chatsala ndi matepi ndi makanema amene ali m'nyumba zoulutsira mau ndi m'manja mwa anthu. Tikupempha kuti zimenezi zisonkhanitsidwe ndi kulembedwa mwa njira yosonyeza kamvekedwe ka phatikizo lililonse ndi utali wa mpata uliwonse, ndipo bungwe la Centre for Language Studies ku Zomba, limene linalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, lingathe kutsogolera ntchitoyi. Tikupemphanso ophunzira athu ochokera ku Mvera, ku Madisi, ku Malomo ndi kumidzi yozungulira kuti akapita kutchuthi azijambula macheza a m'chigafa ndi a pabawo, eni ake atavomera. Tikadzaika zojambulidwa ziwirizi pamodzi, tidzatha kuyeza ndi manambala zimene pano tazifotokoza ndi khutu lokha.